Bokosi la a Bwereza

Mlongo wanga anaphunzitsa Sitandade 2 moyo wake wonse. Anzake amene anayamba nawo ntchito anakwera, ena kukhala mahedi, ena kulowa m'maofesi. Iye anatsalira pomwepo, m'kalasi ya kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mpopi wodontha. Ana anamutcha a Bwereza, chifukwa ndilo liwu limene linkatuluka pakamwa pake kuposa ena onse. Dzinalo linakhazikika mpaka makolo ena ankayesa kuti ndi la mwamuna wake. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo sanali Bwereza.

Ine ndine mchimwene wake wamkulu, kalipentala. Zauphunzitsi sindizidziwa. Bokosi lokha ndikulidziwa, poti ndinakhoma ndine.

Anabwera ku shedi kwanga tsiku lina ataweruka, choko chili mbuu m'manja.

"Achimwene, mundikhomere bokosi."

"Loikamo chiyani?"

"Loimapo mwana."

"Walakwa chiyani mwanayo?"

"Sanalakwe. Aziwerenga ali pamwamba."

"Akakhala pansi maso saona?"

"Inu khomani basi. Lisagwedere, ndipo msomali usatuluke. Ambiri alibe nsapato."

Ndinalikhoma ndi matabwa otsala pa chitseko cha munthu wina. Linali lalifupi, losafika ndi pa bondo pomwe. Analisenza pamutu n'kumapita.

Vuto lake linali ili. Ana akamawerenga onse pamodzi, kalasi inkamveka ngati ya odziwa kuwerenga. Mphunzitsi anena, iwo akuwa. Koma ukaimika mmodzi, ankatola zilembo chimodzichimodzi ngati misomali yogwera m'utuchi. Pofika kumapeto kwa mzere, koyambirira waiwala. Mwana wotere buku limamutopetsa, kenako amalida.

Ndiye mlongo wanga anayamba kulemba timapepala. Ankadula mapepala akale a mayeso n'kulemba kuseri kwake ndi zilembo zikuluzikulu. Sizinali nkhani za m'buku. Chinali chinthu cha m'nyumba chikudandaula: chitseko, kapu yothyoka chogwirira, nsapato yotayana ndi inzake. Mwana ankakwera pa bokosi, pepala m'manja, n'kusanduka chinthucho. Limene ana ankalimbirana linali la tsache:

"Ine ndine tsache. Ndimadzuka nonse muli mtulo. Ndimadya fumbi lanu. Mukathana nane mumandiponya kuseri kwa chitseko. Alendo akabwera mumawaonetsa mipando. Ine ndani anandionetsapo kwa mlendo?"

Ulendo woyamba mwana ankapunthwa pa liwu lililonse. "Bwereza." Wachiwiri ankafika kumapeto ali wefuwefu. "Tsache lokwiya limalankhula ngati likupempha mchere? Bwereza." Mwana yemweyo amene sakanabwereza tsamba la m'buku ngakhale utamuopseza, tsache ankalibwereza mosatopa, chifukwa ankafuna anzake aseke pamalo oyenera. Pofika Lachisanu mawu ankatuluka ngati munthu akulankhula. Nthawi zina ankaimika ana awiri, chitseko ndi kiyi kukangana kuti wofunika ndani. Pamenepo aliyense ankayenera kutsatira mzere wa mnzake kuti adziwe polowera.

Lamulo lake linali lakuti pepala silichoka m'manja, ndipo chala chiziyenda pansi pa mzere. Analinso ndi msampha. Pakapita masiku angapo ankalembanso pepala lomwelo, n'kusinthamo liwu limodzi osauza munthu. Pamene panali chitseko ankalembapo kabati. Wowerenga ankanena kabati. Woloweza ankanena chitseko.

"Mwana wogona sandiopsa," anandiuza. "Ameneyo ndimamuona. Wondiopsa ndi wochenjera. Amaba ndi makutu."

Wochenjera kuposa onse anali mtsikana wina amene anzake ankamutcha Wailesi. Mayi ake ankagulitsa tomato pa siteji ya basi, ndipo mwanayo anakulira pansi pa tebulo la tomatolo, akumvetsera. Ankatha kulankhula ngati kondakitala, ngati mlaliki wa pamsika, ngati woledzera amene akukana kuti waledzera. Chinthu akachimva kamodzi, chalowa. Akakwera pa bokosi, ana a makalasi ena ankabwera kudzasuzumira pa zenera.

Msampha unamugwira mwezi woyamba womwe. Pepala linati kabati, iye anati chitseko, chala chikuyenda bwinobwino pa mzere.

"Ima," anatero mlongo wanga. "Chala chako chili pati?"

"Apa, madamu."

"Liwu limenelo likuti chiyani?"

"Chitseko."

"Likuyamba ndi chilembo chanji?"

Wailesi anayang'ana pepala, anayang'ana kudenga, kenako anapinda msana ngati nkhalamba.

"Tsache latopa, madamu. Fumbi lalowa m'maso."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mlongo wanga sanaseke. Mwana ameneyu ankadziwa zilembo zochepa chabe, ndipo anali atadutsa Sitandade 1 yonse popanda womutulukira. Kutsogoloko kunalibe womuphunzitsa. Kuyambira Sitandade 3 aphunzitsi amalemba pa bolodi n'kunena kuti koperani, sabwereranso ku zilembo. Wotuluka m'kalasi ya mlongo wanga asakuwerenga, kawirikawiri ankakhala choncho mpaka kalekale. Nthawi imene anali nayo pa Wailesi inali chaka chimenecho basi.

Mankhwala ake anali owawa. Anayamba kumulembera pepala lakelake, la mizere yochepa, limene munthu wina aliyense sanaliwerengepo mokweza. Ankamukweza pa bokosi woyambirira, kuti makutu asowe poba. Wailesi amene ankagwedeza kalasi uja anayamba kuima njo, liwu osatuluka.

"Yatha mabatire!" ankakuwa anyamata a kumbuyo. "Madamu, igogodeni pamsana!"

Wailesi analira. Anajomba masiku angapo. Anabweranso, chifukwa kukhala kutali ndi bokosi sakanatha. Mlongo wanga anapangana naye kuti akamaliza pepala latsopano yekha, amulola kuchita tsache mmene angafunire. Zinayenda pang'onopang'ono. Pakati pa teremu yachiwiri mlongo wanga anafika ku shedi n'kukhala pa benchi osapereka ndi moni womwe.

"Lero wanena kabati."

"Ndani?"

"Wailesi. Anaima, anayang'ana, anati ka, ba, ti. Kenako anandiyang'ana ngati ndamubera."

"Ndiye wawerenga?"

"Ayi. Wayamba. Akandisiyira mpaka chaka chithe, awerenga."

Sanamusiyire. Teremu yomweyo kunabwera ahedi atsopano. Sanali munthu woipa. Anapentetsa zitseko, anakonzetsa mpopi uja. Koma ankakonda alendo, ndipo alendo anali m'njira: akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro pamodzi ndi anthu a bungwe lina limene linkapereka mabuku. Tsiku lina akudutsa pa khonde anamva tsache likudandaula. Anaima pa khomo mpaka Wailesi anamaliza.

"Madamu, chuma chonsechi mwabisa kuno? Izi alendo ayenera kuziona."

"Abwere adzaone, bambo. Timachita tsiku lililonse."

"Osati muno. Mu holo, pa siteji. Koma mapepalawa achoke. Mwana wogwira pepala amaoneka ngati sanakonzeke."

"Pepalalo ndiye ntchito yake. Mukalichotsa, watsala ndi sewero."

"Sewerolo ndi limene ndikufuna."

"Ndiye tengani ana ena onse amene mukufuna. Uyu yekha ndisiyireni."

Ahedi anaseka. "Ndisiye wogoletsa zigoli pa benchi? Madamu, musaope, dzina lanu litchulidwa."

Mlongo wanga anayesa kuwafotokozera za msampha, za kabati. Ahedi anamvetsera mwaulemu, akuyang'ana wotchi. Kwa iwo mwana wolankhula choncho sakanakhala wosawerenga. Anaganiza kuti mayiyu ndi wa nsanje ndi zinthu zake.

Anasankha ana a mawu amphamvu n'kuwapereka kwa mphunzitsi wina wachinyamata. Nthawi yokonzekera anaiika pa ola lomwelo la kuwerenga, popeza akuti zonse ndi chimodzimodzi. Mphunzitsiyo ankawerenga mokweza, ana n'kumabwereza pambuyo pake mpaka ataloweza. Kwa Wailesi kunali ngati kumasula mbuzi pa chingwe. Tsiku limodzi analoweza mbali yake ndi za anzake zomwe. Bokosi nalo analitengera ku holo.

Siteji anandiitana ine kuti ndikhome, ndiye tsikulo ndinalipo, ndaima kumbali ndi hamala m'thumba kuopa thabwa lingasuntheko. M'mawa womwewo ahedi anamva kuti alendo a bungwe aja chimene akufuna kuona makamaka ndi ana akuwerenga. Anathamangira ku ofesi, anabwera ndi mapepala, n'kugawira ana onse a pa siteji. Mapepala omwe anawachotsa aja anabwerera m'manja, koma tsopano ngati chovala.

Wailesi anamuveka udzu m'chiuno ndi kumutu. Anakwera pa bokosi, anagwira pepala, chala pa mzere monga anaphunzitsidwira. Anachita tsache mwakuti ngakhale ine ndinaiwala thabwa langa. Pofika pa "Ine ndani anandionetsapo kwa mlendo?" anatembenukira alendowo n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. Holo inaphulika. Mayi wina wa bungwe anapukuta misozi. Mayi ake a Wailesi anali atatseka tebulo la tomato tsiku limenelo, ndipo analulutira mpaka mawu anasasa.

Ahedi analankhula za njira yatsopano imene sukulu yayambitsa. Anathokoza ofesi, bungwe, komiti ya makolo ndi mphunzitsi wachinyamata uja. Mlongo wanga anali kumbuyo kwenikweni, akuletsa ana aang'ono kukankhana. Dzina lake ahedi anaiwala kutchula. Pamapeto mkulu wa ku ofesi anapatsa Wailesi buku la chikuto chonyezimira, mphoto ya mwana wowerenga bwino kuposa onse.

Zitatero, sukulu zina zinayamba kuitanitsa sewerolo. Teremu yachitatu Wailesi ankapezeka m'kalasi mwa apo ndi apo. Akabwera, pepala latsopano ankalikana.

"Ndinawina kale, madamu."

Anali mwana. Akuluakulu ovala masuti anamuuza kuti amadziwa. Akanakhulupirira ndani?

Chaka chitatha, mlongo wanga ananena kuti mwanayo abwereze kalasi. Mayi ake a Wailesi anamulondola mpaka ku shedi kwanga, kumene ankadikira mvula kuti ikate.

"Aphunzitsi, ndamva zoti mwana wanga abwereze. Dzina lanu lija mukufuna mulipake pa mwana wanga?"

"Khalani pansi, mayi."

"Sindikhala. Ndasiya tomato ndi munthu wosadziwa mitengo."

"Mwana wanu sadziwa kuwerenga. Anayamba, koma sanafike. Mundipatse chaka chimodzi."

"Sadziwa? Ndinamuona ndi maso angawa. Mabwana anamupatsa buku pamaso pa anthu. Inu mukuposa mabwana?"

"Bukulo amaliwerenga kunyumba?"

"Tsiku lililonse! Amandiwerengera ine ndikusankha tomato. Ine sukulu sindinapite, koma makutu ndili nawo."

"Muli nkhani yanji?"

Mayiyo anafotokoza, nkhope ikuwala. Munali kondakitala wina amene anakwatira mwana wa mwini basi, ndi tomato amene anagubuduka kuthawa mpeni mpaka anakafika ku polisi. Inali nkhani yabwino. Ine ndemwe ndinaseka.

"Mayi," anatero mlongo wanga, "buku limenelo ndikulidziwa. Ndi la kasambidwe ka m'manja."

Akanatha kunena mofewa. Kufewa sankakudziwa, ndi mtundu wathu. Mayiyo anamanga chitenje chake mwamphamvu.

"Mwaona kuti ndine wosaphunzira ndiye mundinyoze? Mwana wa wogulitsa tomato akawina zimakupwetekani. Mukanakhala ndi wanu mukanadziwa."

Anatuluka mvula ikugwabe. Mlongo wanga analibe mwana, ndipo mayiyo ankadziwa.

Kwa ahedi nkhani inali yaifupi. "Madamu, mwana amene ofesi yamupatsa mphoto ya kuwerenga, ine ndilembe kuti wabwereza chifukwa sawerenga? Mukufuna anditenge ngati ndani?"

"Muitaneni pano. Mpatseni nyuzipepala iyo."

"Sitiyesa mwana ngati wakuba. Azikaphunzira kutsogolo."

Wailesi anapita Sitandade 3.

Bokosi silinabwerere. Linakhala ku holo, ahedi ankaimapo pa asembule. Mlongo wanga ndinamukhomera lina. Patapita nthawi anamutumiza ku maphunziro a masiku angapo kuti akaphunzire njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga kudzera m'masewero. Kumeneko anawagawira tsache lake lomwe, lotayipidwa bwino, ndi malangizo akuti ana aloweze asanakwere pa siteji. Ndinamufunsa ngati ananenapo kanthu.

"Ndinakweza dzanja. Anati mafunso kumapeto. Kumapeto kunali chakudya."

Anapitiriza monga kale, m'kalasi yomweyo, ndi timapepala take ndi msampha wake. Ana ambiri anatuluka m'manja mwake akuwerenga. Amenewo sabwera kudzathokoza, ndipo palibe chifukwa choti abwerere. Munthu sakumbuka tsiku limene anayamba kuwerenga. Iyenso sankawatchula. Amene ankamutchula ndi Wailesi. Ankamuona pa khonde chaka ndi chaka, akukula, akusekesa anzake, akukopera za pa bolodi ngati akujambula maluwa. Mayeso a m'makalasi apamwamba ndi olemba, salola kulankhula. Wailesi anabwereza kalasi ina kawiri, kenako anasiya sukulu. Sewero lija linali litapeza kale tsache lina.

Mlongo wanga atapuma ntchito anadzakhala m'chipinda cha kuseri kwa shedi yanga. Maso anayamba kuchita khungu. Bokosi lachiwiri lija anabwera nalo, ndipo ndilo linali mpando wake pa khomo.

Tsiku lina masana kunafika mayi wachitsikana, mwana kumbuyo, jumbo m'manja. Anaima pa msewu n'kukuwa.

"Madamu! A Bwereza!"

"Ndani?"

Mayiyo anapinda msana, anakweza chibwano.

"Ine ndine tsache. Ndimadzuka nonse muli mtulo."

Ananena lonse mpaka kumapeto, osaphonya liwu. Anthu awiri amene ankadikira mipando yawo mu shedi anaomba m'manja. Mlongo wanga anangoti, "Kuseri kwa chiyani?"

"Kwa chitseko, madamu."

"Ndi iwedi. Khala pansi."

Anacheza pang'ono. Tebulo la tomato linali lake tsopano, mayi ake miyendo inawakanika. Makasitomala ankamukonda chifukwa ankawasekesa. Kenako anamasula jumbo n'kutulutsa timatumba tiwiri ta mapilitsi, tofanana, tolembedwa ndi cholembera.

"Ndachokera ku chipatala. Ena ndi a mwanayu, ena ndi a amayi. Pa windo paja anandiuza, ndipo mukudziwa ine ndikamva sindiiwala. Koma mwana amalira, wina amakankha kumbuyo, ndiye mawu anasakanikirana. Oyandikana nawo sindingawafunse, madamu. Onse amadziwa kuti ndinawina buku."

Mlongo wanga anatenga kathumba kamodzi, anakayandikitsa kumaso, anakatalikitsa. Kenako anakabweza m'manja mwa Wailesi, n'kumugwira chala, kuchiika pa zolembazo.

"Chilembo choyamba."

"Madamu."

"Ukuchidziwa. Unachidziwa. Chiyang'ane."

Wailesi anayang'ana. Mwana kumbuyo anayamba kulira.

"Madamu, mwana watentha thupi."

Mlongo wanga anasiya chalacho. "Achimwene, muwerengereni."

Ndinapukuta manja n'kuwerenga. Ndinamuuza ka mwana ndi ka mayi ake, ndi kamwedwe kake. Ananena pambuyo panga kamodzi, ndipo ndinadziwa kuti zalowa. Pa kathumba ka mwana ndinadulapo kona ndi mpeni kuti asasokonezenso.

Wailesi akunyamuka, mlongo wanga anati, "Ubwere Loweruka masana. Bokosi lilipo. Palibe amene adzakuone, ndi ine ndi achimwenewa basi, ndipo awa ndi ogontha."

"Ndibwera, madamu," anatero Wailesi, dzanja pa chifuwa. Ananena bwino kwambiri, mwakuti ine ndinakhulupirira.

Mlongo wanga anandipempha pepala ndi pensulo yanga ya ukalipentala, yokhuthala ija. Analemba tsiku lonse la Lachisanu, mphuno ili pafupi kugunda pepala, mizere yochepa ya zilembo zikuluzikulu zokhotakhota. Sanandilole kuwerenga mokweza.

"Makutu ake aja amafika patali," anatero.

Loweruka anasesa pa khomo, anatsika pa bokosi n'kukhala pa mkeka kuti bokosilo likhale lopanda munthu. Loweruka ndi tsiku la malonda pa siteji ya basi, tomato amayenda. Ndinamuuza zimenezo. Anati akudziwa. Anakhala pomwepo mpaka mthunzi wa shedi unafika pa msewu. Loweruka lotsatira anachitanso chimodzimodzi. Loweruka lachitatu sanasese.

Pepalalo linakhala pa shelefu pakati pa zitini za vanishi mpaka linachita chikasu. Tsiku lina guluu anatayikira pa benchi, ndipo ndinapukutira lomwelo.